Msewu wa Cuamba ndi luso lokweza mapikapu ku Mitande

Pikapu yogwira ntchito ku Mitande, ku Mandimba kapena ku Massangulo simungaipeze itaima pa msinkhu umene inatuluka nawo kufakitale. Mukagwada n'kusuzumira kunsi kwake mupeza masamba a sipulingi owonjezera, ena ochokera ku Canter, ena ku Land Cruiser imene inafa kalekale. Mupezanso zitsulo zolendewera zotalikitsidwa, mwinanso chidutswa chachitsulo chochindikala pakati pa sipulingi ndi ekiselo. Ntchito yokweza magalimoto ndaigwira kuyambira ndili mnyamata, ndipo kwa zaka zambiri pempho la eni ake linali limodzi: ikwezeni amisiri, isamakhule pansi. Zaka zaposachedwapa kwabwera dandaulo lachilendo. Akuti galimoto ikangogwira liwiro pa phula imayamba kunthunthumira, galasi loonera kumbuyo silionetsanso kanthu, ndipo kulindima kwake kumalowa m'mafupa kudzera pampando. Zitsulo ndi zomwe zija, amisiri ndi omwe aja. Chimene chasintha ndi msewu. Chilichonse chimene ife amakaniko a kuno tikudziwa tinachiphunzira kwa msewu umenewu, ndipo phunziro lililonse linabwera ndi nyengo yake.

Kusula chitsulo kuno kunayamba gudumu lisanafike. Yohanna Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao la 1919, anafotokoza za Achisi, anthu osula amene ankayenda mudzi ndi mudzi kusinthanitsa makasu ndi zida zina, ndipo anati maulendo aatali a malonda a Ayao anayamba ndi anthu amenewa. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali ndi chipala ndi mvukuto wa chikopa cha mbuzi kuseri kwa nyumba. Ankadziwa chitsulo poona mtundu wake pamoto, ndipo ankadziwa nthawi yochiviika m'madzi kuti chilimbe koma chisathyoke. Pa ubwana wawo katundu yense ankayenda pamutu, azungu ankayenda pa machila. Companhia do Niassa, imene inalamulira dera lino mpaka 1929, inasiya msonkho ndi tinjira ta mapazi. Misewu yoyamba yoti galimoto idutsepo inalimidwa ndi makasu a anthu a chibalo, ndipo chimene chinakakamiza boma kuisamalira chinali thonje, limene makolo athu analima mokakamizidwa kuyambira 1938 mpaka 1961.

Njanji inafika ku Cuamba, kumene Apwitikizi anakutcha Nova Freixo, mu 1950. Kuchokera kumeneko inakwera pang'onopang'ono kudutsa kwathu kuno, kenako ku Catur, mpaka inafika ku Vila Cabral, Lichinga wa lero, mu 1969. Mu 1970 nthambi ina inadutsa pa Entre Lagos ndi Nayuchi kukalumikizana ndi njanji ya ku Malawi. Mitande inakula chifukwa cha siteshoni. Komabe sitima sipita kumunda. Thonje, chimanga ndi nyemba zinkayenera kuchoka kumidzi kufika pa siteshoni, ndipo imeneyo inali ntchito ya malole a eni masitolo, ma Bedford ndi anzake. Amalume anga anayamba ngati wothandiza dalaivala pa lole ya sitolo ina. Ankapukusa injini ndi handulo m'mawa, kuika mwala kutayala pa chitunda, ndi kukumba lole ikatitimira. Sipulingi ikathyokera pakati pa tchire, ankadula mtengo wolimba n'kuumangirira pakati pa ekiselo ndi chasisi kuti angofika kumudzi, kenako ankanyamula masamba othyokawo kupita nawo ku chipala cha bambo awo. Umakaniko wa kuno unabadwa motero, mwana wa wosula atakwera lole.

Panali malo ena awiri kumene anthu anatola luso. Ansembe a Consolata anakhazikitsa mishoni ku Massangulo mu 1928, ndipo kumeneko anyamata anaphunzira ukalipentala, zomangamanga ndi ntchito zina zamanja, pamodzi ndi chizolowezi choyeza chinthu usanachidule. Malo achiwiri anali magalaja a asilikali. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, Niassa inadzaza ndi ma Berliet ndi ma Unimog a asilikali a Chipwitikizi, ndipo mabomba okwirira m'misewu ankabweretsa ntchito tsiku ndi tsiku. Amuna a kuno amene analembedwa kutsuka zitsulo m'magalajamo ankaona mmene giyabokosi amaimasulira ndi mmene amaibwezera. Palibe amene ankawafotokozera chifukwa chake. Ankangouzidwa kuti gwira apa, manga apa, ndipo zotsalazo ankadzionera okha.

Ufulu utabwera pa 25 June 1975, eni masitolo ambiri anachoka, ndipo masipeyala anachoka nawo. Kunabwera malole a IFA ochokera ku East Germany ndi magalimoto a ku Soviet Union, aliyense ndi mabauti akeake. Mmisiri wa nthawi imeneyo anaphunzira kukwatitsa zitsulo zosadziwana: bering'i ya uyu kulowa mwa uyo, sipulingi ya lole kudulidwa kuti ikwane pa Land Rover. Kenako nkhondo ya pachiweniweni inakula. Sitima za ku Nacala zinasiya kuyenda mu 1984, msewu wa Cuamba unasanduka wa asilikali okhaokha, ndipo ife a m'banja mwathu tinawoloka pa Chiponde pamodzi ndi khamu la anthu. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, anthu a ku Mozambique othawira ku Malawi anali pafupifupi miliyoni imodzi. Amalume anamanga kachisakasa chakufupi ndi Namwera n'kuyamba kukonza ma Peugeot 404 onyamula matola ndi ma Land Rover a m'maesiteti a fodya. Kumeneko ndi kumene anandipatsa hamala.

Kupinda sipulingi ndi ntchito imene ndimailemekeza mpaka lero. Umamasula bauti yapakati, masamba onse n'kuwayala pansi mwa dongosolo lake. Tsamba lalikulu umaligoneka cham'mbali pa simenti n'kujambula uta wake ndi choko, kenako pafupi pake umajambula uta umene ukufuna. Umalisanjika pa zitsulo ziwiri zotalikirana pang'ono, kwa ife chinali chidutswa cha njanji, ndipo umamenya pakati pa mpatawo, n'kusuntha tsambalo zala ziwiri, n'kumenyanso, kuchokera pakati kupita kunsonga. Ukatha umaliyeza pa choko chija. Tsamba lililonse liyenera kugona bwino pa linzake, ndipo mbali ya kumanja ifanane ndi ya kumanzere, apo ayi galimoto idzayenda chopendama. Amalume sankalola moto kuyandikira sipulingi. Ankati, "Mphwanga, moto wa makala umachotsa chimene fakitale inaikamo. Lero iima bwino, pakatha mwezi igona." Nzeru imeneyi inali ya agogo, ya ku chipala, ndipo ndi yoona: chitsulo cha sipulingi chikatenthedwa popanda kuchilimbitsanso moyenera chimafewa kapena chimasanduka chothyoka msanga.

Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 tinabwerera. Tinapeza misewu itamera tchire, milatho itagwa, ndipo malo ena munali mabomba. Magalimoto oyamba kuyenda anali a mabungwe othandiza anthu: ma Land Cruiser a mtundu umene Toyota inayamba kupanga mu 1984, ndi ma Hilux okoka matayala onse anayi, amene analipo kuyambira 1979. Mabungwe atachoka, ambiri mwa magalimotowa anagulitsidwa kwa anthu wamba, ndipo pambuyo pake kunabwera ena ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan ndi ku South Africa. Ntchito inali yambiri. Fodya wa bale anafalikira m'Mandimba ndi m'Ngauma, thonje linkapita ku Cuamba, ndipo pa njala ya ku Malawi ya 2002 ndi ya 2005 chimanga cha kuno chinawoloka malire usana ndi usiku, pa njinga ndi pa magalimoto. Njanji ya ku Lichinga inali itatheratu moti sitima inkangodutsa mwa apo ndi apo, mwina kamodzi pamwezi. Zonse zinagwera pikapu: matumba, mabelo, mbuzi, odwala, maliro, mkwati.

Kuchokera ku Cuamba kufika ku Mandimba ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo ena otero kuchokera ku Mandimba kufika ku Lichinga. Chilimwe msewu unkakhala mabampu ndi fumbi. Dzinja likafika, m'madambo a kufupi ndi Lugenda malole ankakumba mikwasa yakuya mpaka m'mawondo, ndipo ulendo wa m'mawa umodzi unkatha tsiku lathunthu, mwina kugona panjira. Pikapu yopangidwira tani imodzi inkasenza matani awiri, anthu atakhala pamwamba pa matumba. Masipulingi ankagona, chasisi chinkamenya ekiselo, matayala ankakhula bodi. Mwini galimoto sankafuna kukongoletsa. Ankafuna kuti galimoto ikalemedwa ikhale pamene inayenera kukhala ili yopanda kanthu.

Njira zokwezera zinali zitatu. Yoyamba, ndipo yabwino koposa, inali kupinda masamba ndi kuwonjezerapo limodzi kapena awiri. Imeneyi imakweza komanso imalimbitsa. Yachiwiri inali kutalikitsa zitsulo zolendewera zimene zimagwira sipulingi kumbuyo. Ndi yotchipa, wowotcherera aliyense amaitha, koma imakweza theka lokha la zimene watalikitsa: masentimita 10 pa chitsulo amapereka masentimita 5 pa galimoto. Kuwonjezera apo imapotoza ekiselo yonse, mphuno ya difu n'kuyang'ana m'mwamba. Yachitatu inali kuika chidutswa chachitsulo pakati pa sipulingi ndi ekiselo, pa magalimoto amene sipulingi yake imakhala pamwamba pa ekiselo, n'kumanga ndi mabauti opinda aatali. Imeneyi imapatsa ekiselo mwendo wautali wopotozera sipulingi ponyamuka. Ambiri ankachita zonse zitatu pa galimoto imodzi. Chimene ndimauza aliyense mpaka lero n'chakuti njira zonsezi zimakweza bodi ndi chasisi, koma mimba ya difu imatsala pomwe inali. Chokweza difu ndi tayala lalikulu lokha. Mtunda wa pakati pa mikwasa ukagwira difu, galimoto yatitimira ngakhale bodi ili kumwamba.

Apa ndi pamene pamalowa kardani, chitsulo chachitali chimene anzathu a ku Mangochi amati pulopela. Injini ndi giyabokosi zimamangidwa ku chasisi, pamene difu imakwera ndi kutsika pamodzi ndi matayala. Kardani imatenga mphamvu kuchokera ku chinthu chosasuntha kupita ku chinthu chosuntha, ndipo imatha kutero chifukwa cha makuruzeta awiri, wina kutsogolo wina kumbuyo. Kuruzeta ndi kamtanda kachitsulo ka mikono inayi. Mkono uliwonse umalowa m'kachikho kodzaza timasingano tachitsulo ndi girizi, ndipo mphanda ziwiri zimagwira mikonoyo iwiriiwiri. Zitsulo ziwirizo zikakhala pa mzere umodzi zimazungulira mofanana. Zikapindana, cholandiracho chimathamanga pang'ono, n'kuchedwa pang'ono, n'kuthamanganso, n'kuchedwanso, kawiri pa kuzungulira kumodzi. Robert Hooke anazindikira khalidwe limeneli ku London m'zaka za m'ma 1670, galimoto isanalotedwe n'komwe. Pa ngodya ya madigiri 10 kusiyanako ndi pafupifupi 1.5 peresenti mbali iliyonse. Pa madigiri 30 kumafika cha m'ma 15 peresenti.

Chimene chimapulumutsa galimoto ndi kuruzeta yachiwiri. Pamene yoyamba ikuthamangitsa, yachiwiri imachedwetsa, ndipo difu imalandira kuzungulira kosalala. Zili ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi: munsi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo wina akaphonya nthawi minsi imagundana. Kuti makuruzeta amvane motero pafunika zinthu ziwiri. Ngodya ya kutsogolo ifanane ndi ya kumbuyo, ndipo mphanda za kunsonga ziwiri za kardani ziyang'ane mbali imodzi. Mabuku a opanga makuruzeta amati pa galimoto yothamanga ngodyazo zisapitirire madigiri 3, zisasiyane kuposa digiri imodzi, komanso zisakhale ziro, chifukwa timasingano tija tikapanda kugudubuzika timadya malo amodzi. Tsono taonani chimene kukweza kumachita. Pa kardani yotalika mita imodzi, masentimita 5 amawonjezera pafupifupi madigiri 3, ndipo masentimita 10 amawonjezera pafupifupi 6. Zitsulo zolendewera zikapotozanso difu, ngodya ya kumbuyo imachepa pamene ya kutsogolo yakula, ndipo kumvana kuja kwatha.

Nanga bwanji kwa zaka makumi awiri ndi kuposa palibe amene anadandaula? Chifukwa pa msewu wa dothi munthu ankayenda makilomita 30 pa ola, ndipo galimoto yonse inali kale ikugwedera ndi mabampu. Pa liwiro limenelo kardani sifika maulendo 1,000 pa mphindi. Pa makilomita 80 pa ola tayala limazungulira maulendo oposa 500 pa mphindi, kardani kuposa 2,000, ndipo mphamvu yogwedeza imakula pafupifupi ka 7. Vutolo linalipo ndithu, koma linkaonekera kwina. Makuruzeta ankatha msanga, bering'i ya pamphuno ya difu inkayamba kulira, oyilo ankadontha kumbuyo kwa giyabokosi. Zonsezi zinkawerengedwa pa mlandu wa fumbi, matope ndi masipeyala otchipa, ndipo zitatuzi zinalidi ndi mbali yake. Dalaivala aliyense wanzeru ankayenda ndi kuruzeta yapadera m'thumba la zida, ndipo kuisintha pansi pa mtengo ndi hamala ndi soketi inali ntchito imene wothandiza dalaivala aliyense ankaidziwa.

Njanji ya Cuamba mpaka Lichinga itakonzedwa inatsegulidwanso mu November 2016. Msewu wa Cuamba uja, wotchedwa N13, unaikidwa phula chigawo ndi chigawo ndi ndalama za African Development Bank ndi za boma la Japan kudzera ku JICA, ndipo cha kumapeto kwa 2021 munthu anatha kuchoka ku Cuamba, kudutsa Mississi, Mandimba ndi Massangulo, mpaka ku Lichinga osaponda dothi. Anthu anasangalala, ndipo ndi pake, chifukwa odwala ambiri anafera pa msewu wakale uja. Koma phula lili pa msewu waukulu wokha. Misewu yopita kuminda, kumisika ya fodya ndi kumidzi ya m'mbali mwa nyanja ya Amaramba ikadali ya dothi. Pikapu imodzimodziyo m'mawa iyenera kusambira m'matope itasenza nandolo, masana ithamange pa phula kupita ku Cuamba. Kuitsitsa sikutheka, kuisiya ikunthunthumira n'koopsa. Kuruzeta ya kutsogolo ikathyoka galimoto ili pa liwiro, nsonga ya kardani imagwera pansi n'kubaya msewu, ndipo imatha kunyamula kumbuyo konse kwa galimoto, kumene kwakhala anthu.

Bambo wina wogula mbewu wa ku Itepela anabwera ndi Hilux yake atawononga kale ndalama zambiri. Anati, "Amisiri, matayala ndagula atsopano, ndakawalinganiza pa makina, mashokapu ndasintha, koma ikafika 70 mano amagundana." Ndinawafunsa kuti, "Bambo, imatero mukaponda mafuta kapena mukasiya? Mumaimva m'manja pa chiwongolero kapena pampando?" Mafunso amenewa ndiwo chiyambi cha ntchito, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Tayala losalinganira limagwedeza chiwongolero, ndipo kugwedeza kwake kumakhala kowerengeka. Kardani imalindima mofulumira, pansi pa mapazi ndi pampando. Galimoto ikamanjenjemera ili chiimire injini ikulira, vuto lili ku injini kapena ku mipira yoikhazika. Kunjenjemera kukamasintha munthu akaponda mafuta ndi akasiya, ndiye ngodya kapena kuruzeta yakutha. Kukamatsata liwiro lokha osasamala phazi, ndiye kardani yapindika kapena yataya kulinganira kwake. Pa galimoto yokoka matayala anayi pali mayeso ena: kuchotsa kardani ya kumbuyo n'kuyenda pang'ono ndi ya kutsogolo yokha. Kunjenjemera kukatha, wolakwa wapezeka.

Ndimayamba ndi zosafuna ndalama. Ndimagwira kardani ndi manja awiri n'kuipotoza, kuikankha m'mwamba ndi m'mbali. Kuruzeta yabwino sigwedera ngakhale pang'ono, ndipo fumbi lofiira la dzimbiri pa kachikho limasonyeza kuti mkati mwauma. Ndimapala matope ouma amene amamatirira mbali imodzi, n'kuona ngati tizitsulo timene fakitale inawotcherera pa kardani kuti ilinganire tikadalipo, chifukwa chitsa kapena mwala zimatichotsa. Kenako ndimayang'ana mphanda. Kardani ili ndi malo a mano olowana amene amailola kutalika ndi kufupika, ndipo munthu akaisolola n'kuibweza popanda kuika chizindikiro, dzino limodzi lokha likaphonya mphanda zimasemphana. Pa Hilux ya bambo aja mphanda zinali zitasemphana motero, ndipo kuzibweza kunachotsa theka la vuto. Ndimaonanso utali wa mano amene atsala mkati, popeza galimoto ikakwera kardani imasololoka, ndipo ikagwira ndi nsonga yokha imavina. Yotero imafuna chitsulo chowonjezera pa difu, kapena kukatalikitsidwa kwa amene ali ndi makina osemera zitsulo ku Cuamba kapena ku Nampula. Kuidula n'kuiwotcherera pamchenga ndi diso lokha sikupereka kardani yowongoka.

Zikatha izi ndi pamene ndimayeza. Kale tinalibe choyezera, koma lero foni ya intaneti imatha kukhala ndi pulogalamu yoyezera kupendekeka, ndipo chingwe chomangirira nati pamodzi ndi choyezera ngodya cha ana asukulu zimagwiranso ntchito. Galimoto iime pa malo osalala, ili ndi katundu amene imanyamula masiku ambiri, chifukwa ngodya za galimoto yopanda kanthu ndi za yosenza matumba 20 n'zosiyana. Miyeso ndi itatu: kupendekeka kwa potulukira mphamvu ku giyabokosi, kwa kardani yeniyeniyo, ndi kwa mphuno ya difu. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri ndiyo ngodya ya kutsogolo, kwa wachiwiri ndi wachitatu ndiyo ya kumbuyo. Cholinga n'chakuti mphuno ya difu ndi potulukira pa giyabokosi ziyende mizere yofanana, mphunoyo itatsikirapo digiri imodzi kapena madigiri awiri, popeza poponda mafuta imadzuka yokha.

Difu timaitembenuza ndi kachitsulo kochindikala mbali imodzi, kopyapyala mbali inayo, koikidwa pakati pa sipulingi ndi mpando wake pa ekiselo. Kakhale kachitsulo chenicheni, chifukwa aluminiyamu imaphwanyika pansi pa katundu wathu, ndipo bauti yapakati idutse mkati mwake kuti kasatuluke. Mabauti opinda akhale atsopano, ndipo amangidwenso galimoto ikayenda masiku angapo. Mapikapu aatali ali ndi kardani ya zigawo ziwiri, yokhala ndi bering'i yapakati yopachikidwa ku chasisi. Amenewa akakwezedwa amakonda kunjenjemera ponyamuka, ndipo mankhwala ake ndi kutsitsa bering'iyo pang'onopang'ono ndi tizitsulo ta mamilimita ochepa, kuyesa pa msewu, n'kuwonjezera kapena kuchotsa. Galimoto ikakwezedwa kwambiri pamafunika kardani ya makuruzeta awiri ophatikizana kutsogolo, yonga imene ma Hilux ena akale ali nayo pa kardani ya kutsogolo. Ikaikidwa imeneyo lamulo limasintha: mphuno ya difu iyang'ane ku giyabokosi, pafupifupi pa mzere umodzi ndi kardani. Kwa bambo a ku Itepela ndinafupikitsa zitsulo zolendewera, ndinabweza msinkhu wotayikawo popinda masamba, ndinaika kachitsulo ka madigiri 2, ndipo galimoto inakhala bata.

Sindilola galimoto yokwezedwa kutuluka ndisanaone mabuleki. Ma Hilux ndi ma Land Cruiser ambiri ali ndi valavu kumbuyo, yolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo, imene imayeza kulemera kwa katundu poona mmene bodi yatsikira. Bodi ikakwezedwa popanda kusuntha kandodoko, valavuyo imayesa kuti galimoto ilibe kanthu ndipo imachepetsa mphamvu ya mabuleki a kumbuyo, pamene pali matani awiri. Mapaipi a mabuleki nawo ayenera kukhala ndi mpata ekiselo ikalendewera. Ndimamanganso lamba wachitsulo mozungulira kardani chakutsogolo kwake, osaikhudza, kuti kuruzeta ikathyoka igwere m'lambamo. Ma Hilux atsopano, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, alibenso ekiselo yathunthu kutsogolo. Tayala lililonse lili ndi mikono yake ndi shafiti yake yovala mpira, ndipo kukweza kukapitirira masentimita 5 mipirayo imang'ambika, mchenga n'kulowa. Pa magalimoto amenewa hamala ya amalume ili ndi ntchito kumbuyo kokha.

N'chifukwa chake masiku ano ndimakana kukweza pikapu kupitirira masentimita 5, pokhapokha mwini wake atavomera kulipira ntchito yonse ya kardani ndi mabuleki. Ena amakwiya n'kupita kwina. Ndimawauza kuti galimoto yokwera kwambiri, yosenza matumba mpaka pamwamba pa denga, imagubuduzika msanga pokhota, ndipo pa phula munthu amakhota ali pa liwiro limene msewu wakale sunkalola. Matumba ochepa ndi maulendo awiri n'zotchipa kuposa difu, ndipo difu n'njotchipa kuposa maliro.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi anyamata amene akubwera. Ena amanyoza kupinda sipulingi, amati ndi ntchito ya makolo, ndipo amangofuna kumasula chakale n'kumanga chatsopano cha m'sitolo. Ena atenga hamala koma safuna kumva za madigiri, amati amisiri akale sankayeza. Akale aja ankayeza ndi choko chimene msewu wa nthawi yawo unkafuna kuti chiyezedwe, ndipo akanakhalapo lero akanagwira foni n'kugona pansi pa galimoto. Agogo anaphunzitsa amalume kusamala moto, amalume anandiphunzitsa uta wa sipulingi, ndipo gawo langa ndi kuwonjezerapo ngodya. Mnyamata asanachoke pa ine kukatsegula galaja yake ndimafuna achite zinthu ziwiri ndikuona: apinde masipulingi a mbali zonse ziwiri osagwiritsa moto mpaka afanane, ndiponso ayeze ngodya zitatu za kardani, azilembe ndi penti mkati mwa chasisi kuti mmisiri wotsatira adzazipeze, ndipo andifotokozere chifukwa chake. Masukulu a ntchito zamanja a ku Cuamba ndi ku Lichinga angachite bwino kuitana amisiri a pansi pa mitengo kuti adzaphunzire kuyeza kumeneku, iwonso n'kuphunzitsako kupinda. Wodziwa ziwirizi sadzasowa ntchito pakati pa Cuamba ndi Lichinga, ndipo anthu okwera kumbuyo kwa pikapu imene wakonza adzafika kumene akupita.